Marie Curie: Adagwira ganyu kuti akaphunzire fizikisi

Mwa anthu onse omwe adalandirapo mphoto ya Nobel, ndi mmodzi yekha yemwe adailandira m'nthambi ziwiri zosiyana za sayansi. Munthuyu adali mayi, Marie Curie, yemwe adapata mphotoyi pa fizikisi mu 1903 komanso pa kemisitiri mu 1911.

Koma mayiyu adalowa yunivesite mochedwa, ali ndi zaka 24, chifukwa kwawo yunivesite sinkalandira atsikana ndipo bambo ake adalibe ndalama zomutumizira kunja. Pomwe anzake ambiri adali atakhazikika pabanja, iye adali akusunga timakobiri ta ganyu kuti tsiku lina akakhale m'kalasi ya fizikisi.

Mwana wa aphunzitsi

Marie adabadwa pa 7 Novembala, 1867 mumzinda wa Warsaw m'dziko la Poland, ndipo dzina lake lakubadwa lidali Maria Skłodowska. Adali chitsiriza m'banja la ana asanu. Bambo ake, a Władysław, ankaphunzitsa masamu ndi fizikisi, pomwe mayi ake, a Bronisława, adali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya atsikana.

Nthawi imeneyo dera la Warsaw linkalamulidwa ndi dziko la Russia. Ana asukulu ankakakamizidwa kuphunzira m'Chirasha, ndipo mphunzitsi aliyense wooneka kuti akukonda kwambiri dziko lake ankalondedwa. Mu 1873 bambo a Maria adatsitsidwa paudindo, malipiro n'kuchepa. Ndalama zomwe adasunga zidalowanso m'madzi pabizinesi ina yomwe sidayende. Banjali lidayamba kusunga ana asukulu ogonera pakhomo kuti lizipeza ya ndiwo.

Akuluakulu a boma atachotsa maphunziro a mu labotale m'sukulu, bamboyo adatengera zipangizo zina kunyumba n'kuziika m'kabati ya galasi. Kumeneko ndi komwe Maria adaona koyamba zida za fizikisi.

Maliro sadachedwe kulowa pakhomopo. Mu 1876 mkulu wake Zofia adamwalira ndi matenda a typhus, ndipo mu 1878 mayi ake adatsatira atavutika nthawi yaitali ndi chifuwa chachikulu. Apa n'kuti Maria ali ndi zaka 10. Ngakhale zidali choncho, m'kalasi sankapezeka kumbuyo. Mu 1883 adamaliza sekondale ali ndi zaka 15 ndipo adalandira mendulo ya golide.

Pangano la pachibale

Mchimwene wake Józef adalowa yunivesite ya Warsaw kukaphunzira udokotala. Maria ndi mkulu wake Bronia adalibe kolowera. Ankangopita ku makalasi amseri omwe ankachitikira m'nyumba za anthu, lero kuno mawa uko, pozemba apolisi.

Atsikana awiriwa adagwirizana chimodzi. Bronia atsogole kupita ku Paris, m'dziko la France, kukaphunzira udokotala, Maria atsale akugwira ntchito n'kumamutumizira ndalama. Bronia akadzamaliza, nayenso adzalipirire mng'ono wake. Lidali pangano la pakamwa, lopanda mboni, ndipo wotsalayo ndiye ankaika moyo wake pachiswe.

Kumayambiriro kwa 1886 Maria adapita kumudzi wa Szczuki kukakhala mphunzitsi wa pakhomo wa ana a banja la Żorawski, lomwe linkayang'anira minda ikuluikulu ndi fakitale ya shuga. Ankalandira ma rouble 500 pachaka, ndipo gawo lalikulu linkapita ku Paris. Akaweruka ankasonkhanitsa ana a antchito a m'mindamo n'kumawaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba m'chinenero chawo, chinthu chomwe chikadamutengera kundende boma likadadziwa. Usiku ankawerenga yekha mabuku a fizikisi ndi kemisitiri, ndipo bambo ake ankamutumizira masamu oti asove kudzera m'makalata.

Ali komweko adagwa m'chikondi ndi Kazimierz, mwana wachisamba wa m'banjamo, ndipo awiriwa adagwirizana zomanga banja. Makolo a mnyamatayo adakanitsitsa kwamtuwagalu kuti mwana wawo akwatire wantchito wopanda kanthu. Mnyamatayo adamvera makolo ake. Maria sadasiye ntchito, chifukwa akadatero Bronia akadasowa fizi. Adapitiriza kudya patebulo limodzi ndi anthu omwe adamunyoza kufikira mu 1889.

Atabwerera ku Warsaw adagwiranso ntchito yomweyo pabanja lina. Madzulo ndi Lamulungu ankapita ku labotale ina yaing'ono yomwe ankayang'anira msuweni wake, Józef Boguski, komwe adaphunzira kugwira zipangizo ndi manja ake.

Bronia sadaiwale pangano. Atayandikira kumaliza maphunziro komanso atapeza mwamuna, dokotala mnzake, adalembera mng'ono wake kuti nthawi yake yakwana. Kumapeto kwa 1891 Maria adakwera sitima ya pamtunda, mbali ina ya ulendowo atakhala pakampando kopinda komwe adanyamula yekha, poti m'chipinda cha mtengo wotsika mudalibe pokhala pokwanira.

Njala ndi chisanu ku Paris

Pa yunivesite ya Sorbonne adalembetsa dzina lake m'Chifalansa kuti Marie. Mwa ophunzira oposa 1,800 a m'nthambi ya sayansi, akazi adalipo 23 okha. Adazindikira msanga kuti Chifalansa chake chidali choperewera ndipo masamu omwe adadziphunzitsa yekha adali ndi mipata yambiri. Fizikisi ya ku yunivesite imayenda ndi masamu, ndiye adayenera kuthamanga kawiri kuti apeze anzake.

Poyamba ankakhala kwa Bronia, koma kudali kutali ndipo alendo sankatha. Adasamukira m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba ina pafupi ndi yunivesite. Chakudya chake nthawi zambiri chidali tiyi ndi buledi wopaka batala. M'nyengo yachisanu madzi ankaundana m'beseni, ndipo pogona ankaunjika zovala zake zonse pamwamba pa bulangeti. Madzulo ankawerengera ku laibulale komwe kudali kofunda komanso kowala, akatseka n'kukapitiriza kwawo ndi nyali. Tsiku lina adakomoka ndi njala, mlamu wake n'kudzamutenga kuti akadye bwino masiku angapo.

Akulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwata njiwa. Mu 1893 Marie adatenga digiri ya fizikisi ali nambala wani m'kalasi yonse. Chaka chotsatira adatenganso ya masamu ali wachiwiri. Chaka chachiwiricho adaphunzira ndi thandizo la ma rouble 600 lochokera ku thumba lina lothandiza ophunzira a ku Poland. Ndalamayi sidali ngongole, koma atangoyamba kulandira malipiro adaibweza yonse kuti ithandize wophunzira wina wosauka.

Ntchito yake yoyamba ngati katswiri wa fizikisi idachokera ku mafakitale. Bungwe lina lolimbikitsa ntchito za mafakitale ku France lidamulemba kuti ayeze mphamvu ya maginito m'mitundu yosiyanasiyana ya zitsulo. Pofunafuna malo ogwirira ntchitoyi mu 1894, adakumana ndi Pierre Curie, mphunzitsi wa fizikisi yemwe adali wamkulu kwa iye ndi zaka 8.

Pierre adali atadziwika kale. Mu 1880 iye ndi mbale wake Jacques adatulukira kuti miyala ina, monga quartz, ikafinyidwa imatulutsa magetsi. Nzeru imeneyi ndi yomwe imagwira ntchito m'mawotchi ambiri a pamkono komanso m'makina a sikani ounikira amayi oyembekezera.

Awiriwa adakwatirana pa 26 Julayi, 1895. Marie adavala diresi ya buluu wakuda kuti azidzaivalanso ku labotale, ndipo ndalama zomwe adalandira paukwati adagulira njinga ziwiri zakapalasa. Mwana wawo woyamba, Irène, adabadwa mu 1897.

Zaka zinayi m'chishedi

Mu 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Germany adatulukira X-ray. Chaka chotsatira Henri Becquerel wa ku France adaona kuti uranium amatulutsa cheza chosaoneka ndi maso, popanda womuyatsa kapena kumuika padzuwa. Asayansi ambiri adathamangira X-ray, za uranium n'kuzisiya. Marie adasankha zomwe ena adazisiyazo kuti achitepo kafukufuku wa digiri ya udokotala wa sayansi.

Luso lake lidali pa kuyeza. Cheza cha uranium chimapangitsa kuti mpweya udutse magetsi ochepa zedi, ndipo Pierre ndi mbale wake adali atapanga kale chida choyezera magetsi ochepa chotero. Marie adayeza mobwerezabwereza napeza kuti mphamvu ya chezacho imadalira kuchuluka kwa uranium basi, kaya ndi wouma kapena wonyowa, kaya wasakanizidwa ndi zina. Izi zidatanthauza kuti chezacho chimachokera mkati mwa atomu, kachidutswa komwe ambiri nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti sikasweka kapena kusintha. Khalidwe limeneli adalipatsa dzina loti radioactivity.

Kenaka padabuka chodabwitsa. Mwala wotchedwa pitchblende, womwe amayengamo uranium, udaonetsa mphamvu yoposa ya uranium weniweni kanayi. Marie adaganiza kuti m'mwalamo muyenera kukhala chinthu china chomwe palibe adachidziwa, chochepa kwambiri koma champhamvu zedi. Pierre adasiya kafukufuku wake kuti athandize mkazi wake. Mu Julayi 1898 adalengeza za polonium, dzina lomwe Marie adalisankha pokumbukira dziko lake. Mu Disembala chaka chomwecho adalengeza za radium.

Akatswiri a kemisitiri adafuna kuona ndi maso ndi kuyeza pasikelo. Banjali lidaitanitsa matani a zotsalira za pitchblende kuchokera ku mgodi wa Joachimsthal, womwe lero uli m'dziko la Czech Republic. Malo omwe adapatsidwa chidali chishedi chakale chodontha, chomwe kale ophunzira udokotala ankang'ambiramo mitembo. Marie ankaphika makilogalamu 20 nthawi imodzi mumphika waukulu, akutakasa ndi ndodo yachitsulo yotalika pafupifupi ngati iye mwini, utsi ukumulowa m'maso. Akatero ankasefa, kuumitsa, kuyeza, n'kuyambiranso.

Ndalama zidali zosowa, moti kuyambira mu 1900 ankaphunzitsanso fizikisi pasukulu yosula aphunzitsi aakazi ku Sèvres. Kumeneko adayambitsa zoti atsikana azigwira okha zipangizo m'malo mongoonerera mphunzitsi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1902 adakwanitsa kupatula mchere wa radium wolemera gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu, wosakwana ngakhale mchere wotsina ndi zala ziwiri. Mu Juni 1903 adalandira digiri yake ya udokotala wa sayansi.

Kumapeto kwa chaka chomwecho mphoto ya Nobel ya fizikisi idapita kwa Becquerel, Pierre ndi Marie. Poyamba omwe adapereka maina adasiya dzina la mayiyu. Katswiri wina wa masamu wa ku Sweden, Gösta Mittag-Leffler, adatsina khutu Pierre, yemwe adalemba kalata yonena kuti ntchitoyo adaigwira awiri. Marie adakhala mayi woyamba kulandira mphotoyi.

Banjali likadatha kulemera likadalembetsa njira yoyengera radium kuti ikhale yawoyawo. Iwo adakana, ndipo adaifalitsa kwaulere kwa aliyense wofuna. Nthawiyi n'kuti zitadziwika kuti radium amawotcha khungu, ndipo madokotala a ku Paris adali atayamba kumugwiritsa ntchito pofuna kupha zotupa za khansa.

Umasiye ndi mphoto yachiwiri

Pa 19 Epulo, 1906, kukugwa mvula, Pierre adagundidwa ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo akuwoloka msewu ku Paris ndipo adafera pomwepo. Marie adatsala ndi ana awiri, Irène wa zaka 8 ndi Ève yemwe adabadwa mu 1904. Boma lidafuna kumupatsa penshoni ya umasiye koma iye adakana poti adali ndi mphamvu zogwira ntchito. Yunivesite idamupatsa udindo wa malemu mwamuna wake, ndipo pa 5 Novembala, 1906 adakhala mayi woyamba kuphunzitsa pa Sorbonne. Apongozi ake aamuna, omwe adali dokotala, ndi omwe ankatsala ndi ana iye akapita kuntchito.

Chaka cha 1911 chidali cha mikwingwirima. Mu Januwale bungwe lalikulu la asayansi ku France lidakana kumusankha kukhala membala. Kumapeto kwa chakacho nyuzipepala zidasindikiza makalata oonetsa kuti adali paubwenzi ndi katswiri mnzake, Paul Langevin, yemwe adali ndi mkazi ngakhale banja lake linkagwedezeka. Anthu adasonkhana panyumba pake akumunyoza kuti ndi mlendo wopasula mabanja. Mkati mwa chipwirikiticho mudabwera uthenga woti wapata mphoto yachiwiri ya Nobel. Ena adamulangiza kuti asapite kukalandira, koma iye adapita ku Stockholm n'kukailandira yekha. Atabwerako adagonekedwa m'chipatala ndi matenda a impso.

Fizikisi ilowa m'chipatala

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, Marie adaona vuto lomwe akuluakulu a asilikali sadaliganizire. Makina a X-ray adali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, pomwe ovulala adali kutali kumalo omenyera nkhondo. Madokotala ankang'amba mongoganizira pofuna chipolopolo, ndipo asilikali ambiri ankadulidwa miyendo kapena kufa ndi zilonda.

Iye adapempha galimoto kwa anthu olemera, naikamo makina a X-ray ndi jenereta yoyendetsedwa ndi injini ya galimotoyo. Adaphunzira kuyendetsa, kusintha matayala ndi kukonza injini, komanso adawerenga za mafupa ndi ziwalo za munthu. Akafika pachipatala cha msasa ankatchinga mawindo, kulumikiza mawaya, n'kuyamba kuunika ovulala mmodzimmodzi, akusonyeza dokotala malo enieni pomwe pali chitsulo.

Pofika kumapeto kwa nkhondo adali atakonza galimoto zotere 20 ndi zipinda za X-ray pafupifupi 200, komanso ataphunzitsa amayi pafupifupi 150 kagwiritsidwe ntchito ka makinawa. Wothandizira wake woyamba adali Irène, yemwe adayamba ali ndi zaka 17 ndipo posakhalitsa adatumizidwa yekha kuchipatala china ku Belgium. Zikuganiziridwa kuti asilikali oposa 1 miliyoni adaunikidwa ndi makina amenewa.

Nkhondo itatha adatsogolera Radium Institute ku Paris, komwe mbali imodzi idali ya kafukufuku wa fizikisi ndi kemisitiri, ina ya madokotala ochiza khansa. Chomvetsa chisoni n'choti iye yemwe adatulukira radium sakadatha kumugula, poti galamu imodzi idali pa madola 100,000. Mtolankhani wina wa ku America, Marie Meloney, adasonkhetsa ndalamazi kwa amayi a m'dzikolo, ndipo mu 1921 Pulezidenti Warren Harding adapereka mphatsoyo kwa Marie ku White House. Mtengo udayamba kutsika kuyambira mu 1922 pomwe miyala ya ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, idayamba kuyengedwa ku Belgium.

Mu 1929 adapitanso ku America n'kukapeza ndalama zogulira radium wa chipatala cha khansa ku Warsaw. Chipatalachi chidatsegulidwa mu 1932, ndipo yemwe adatsogolera ntchito yochimanga ndi kuchiyendetsa adali Bronia, mkulu wake uja.

Mtengo womwe adalipira

Masiku oyambirira palibe ankadziwa bwino kuopsa kwa chezachi. Marie ankanyamula timabotolo ta radium m'thumba ndipo kunkhondo ankaima pafupi ndi X-ray popanda chodzitetezera chokwanira. Zala zake zidapsa n'kuuma, maso adachita ng'ala, ndipo ankangomva kutopa. Ku America, m'zaka za m'ma 1920, atsikana omwe ankapaka utoto wa radium pa mawotchi, akunyambita kaburashi kuti kasongoke, adayamba kuwola nsagwada ndi kufa.

Marie adamwalira pa 4 Julayi, 1934 ali ndi zaka 66, ndi matenda omwe mafuta a m'mafupa amalephera kupanga magazi. Pamaliro ake, Bronia ndi Józef adathira pabokosi dothi lomwe adabwera nalo kuchokera ku Poland. Chaka chotsatira Irène ndi mwamuna wake, Frédéric Joliot, adalandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri. Mu 1965 mwamuna wa Ève, Henry Labouisse, adalandira mphoto ya Nobel ya mtendere m'malo mwa bungwe la UNICEF lomwe ankalitsogolera.

Mu 1995 boma la France lidasamutsira mafupa a Marie ndi Pierre ku Panthéon, komwe amaikako ngwazi za dzikolo. Makope omwe ankalembamo kafukufuku akadali ndi cheza mpaka lero ndipo amasungidwa m'mabokosi otetezedwa ndi mtovu, chifukwa mphamvu ya radium imatenga zaka 1,600 kuti itsike ndi theka.

Digiri ya fizikisi imapita kuti?

Makolo ambiri mwana akasankha fizikisi amafunsa kuti adzagwira ntchito yanji. Ndi digiri imeneyi Marie adayeza zitsulo za mafakitale, adasula aphunzitsi, adachita kafukufuku, adagwira ntchito m'zipatala ndipo adayendetsa bungwe lalikulu.

Ntchito zina zidabadwa kuchokera pa zomwe iye adayambitsa. Pachipatala chowotcha khansa pamafunika katswiri wa fizikisi wowerengera mlingo wa cheza choti chiphe chotupa popanda kuwononga ziwalo zabwino, komanso woyeza makina kuti asalakwitse. Pamgodi wa uranium, monga wa Kayelekera ku Karonga womwe udatsegulidwa mu 2009, pamafunika oyeza cheza m'madzi, m'fumbi ndi pa matupi a antchito. Ena ophunzira fizikisi amapezeka ku zanyengo, ku magetsi a madzi ndi a dzuwa, ku makampani a lamya za m'manja, pofufuza miyala ndi madzi a pansi pa nthaka, ndiponso m'makalasi a sekondale.

Kuno kwathu phunziroli limaphunzitsidwa pa yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi ya Mzuzu, mwa zina. Khomo lake ndi kukhoza bwino masamu ndi sayansi pa mayeso a Fomu 4, ndipo wofuna kukhala katswiri wa m'chipatala kapena wa kafukufuku amayenera kuwonjezera digiri yachiwiri.

Khomo limenelo lero ndi lotsekukira anyamata ndi atsikana omwe. Maria Skłodowska adadikira zaka 8 kuchokera pomwe adamaliza sekondale kufikira tsiku lomwe adakhala pansi m'kalasi ya yunivesite. Bambo ake, omwe ankamutumizira masamu m'makalata, adamwalira mu 1902 ataona mwana wawo atatenga madigiri awiri ndi kutulukira radium, koma kutatsala chaka chimodzi kuti alandire mphoto yake yoyamba.